Mbewu Nazo Zimadziteteza

Anzathu a m'koperativa, tiwerenge pamodzi phunziro la lero.

Kuno ku Fonte Boa timalima chimanga, nyemba, mbatata ya kachewere ndi mtedza. Tonse timazidziwa nsabwe za m'masamba. Nsabwe sizitafuna tsamba ai. Zili ndi kamlomo konga singano. Zimabaya tsamba ndi kuyamwa madzi a mbewu. Mbewu ija imafota, masamba nkupinimbira.

Kodi mbewu imangokhala chete poyamwidwa? Iyai. Mbewu ilibe miyendo yothawira, koma ili ndi mankhwala ake m'kati. Chimanga chikadali chaching'ono chimakhala ndi mankhwala oletsa nsabwe. Chikamakula mankhwalawo amachepa.

Phunziro lalikulu lichokera kwa alimi a mpunga. Ife kuno kumapiri sitilima mpunga wambiri chifukwa kumazizira, koma nkhani yao itithandiza. Ku Asia kuli kachilombo kofiirira koyamwa madzi m'tsinde la mpunga. Kakachuluka munda wonse umauma ngati wapsa ndi moto. Mitundu ina ya mpunga ikabayidwa imatseka njira ya madzi ake, kachilombo nkusowa chakudya.

M'chaka cha 1973 akatswiri a bungwe la IRRI ku Philippines anatulutsa mpunga wotere, dzina lake IR26. Alimi ambiri anadzala mtundu umodzi womwewo. Patangopita zaka zitatu, tizilombo tinazolowera ndi kuyambanso kuudya. Mu 1976 anatulutsa wina, IR36.

Vuto lina linali kupopera. Mankhwala ogula anapha akangaude amene amadya tizilomboto. Adani atatha, tizilombo tinaswana koposa. Mu 1986 boma la Indonesia linaletsa mitundu 57 ya mankhwala opopera m'minda ya mpunga.

Tibwere kwathu tsopano. Mtedza umadwala kadukutu. Matenda amenewa amabwera ndi nsabwe. Pali mtundu wa mtedza umene nsabwe siziswana bwino pa masamba ake. Ku Malawi anautulutsa mu 2001 ndi dzina loti Baka. Kuno ku Mozambique unatuluka mu 2002 ndi dzina loti Nametil.

Ndalama za koperativa ndi thukuta lathu. Tisanagule botolo la mankhwala, tichite izi:

Tidzale msanga ndi mvula yoyamba.
Mtedza tidzale mothithikana. Nsabwe zimakonda munda wa mipata.
Tisadzale mtundu umodzi wokha chaka ndi chaka.
Tisachulutse feteleza wobereketsa. Masamba ofewa kwambiri amaitana nsabwe.
Tizule mtedza womera wokha m'chilimwe. Umasunga matenda.
Tisaphe akangaude ndi tizilombo tofiira ta madontho akuda. Amenewa ndi alonda athu osalipidwa.

Tiziyendera munda sabata iliyonse. Titembenuze tsamba, tione kunsi kwake. Ngati nsabwe zachuluka zedi, tifunse mlangizi wa zaulimi tisanapopere.

Mau atsopano: nsabwe, singano, kuyamwa, kadukutu, kangaude.

Mafunso okambirana:
1. Kodi nsabwe zimadya bwanji?
2. Chifukwa chiyani tizilombo tinachuluka atapopera mpunga?
3. Kodi m'munda wa koperativa yathu muli mitundu ingati ya mtedza? Tilembe maina ake m'kope.