NYIMBO IMODZI SACHEZERA GULE: MAVUTO A NYUMBA ZA KANEMA KU AMEREKA NDI KU ULAYA

Awerengi athu ambiri adamvapo za Hollywood, dera la mu mzinda wa Los Angeles ku Amereka, kumene kumachokera mafilimu amene amaonetsedwa pa dziko lonse lapansi. Masiku ano eni malonda amenewa ali ndi nkhawa yaikulu, pakuti anthu amene kale ankathamangira ku nyumba za kanema, zimene achikulire amazitcha bayisikopo, achepa ndithu, ndipo mipando yambiri imagona yopanda munthu. Tsono tiyeni tione bwino chimene chadzetsa vutoli, popeza likukhudza ntchito za anthu zikwizikwi, kuyambira olemba nkhani za mafilimu kufikira anyamata ong'amba matikiti pakhomo.

Kuchepa kwa ndalama

M'chaka cha 2019 nyumba za kanema za ku Amereka ndi ku Canada zinatolera madola oposa 11 biliyoni pogulitsa matikiti. M'chaka chotsatira kunagwa mliri wa Covid-19, nyumbazo zinatsekedwa miyezi yambiri, ndipo ndalama zinatsika kufika pa madola 2 biliyoni ndi pang'ono. Mliri utapita, ambiri anayembekeza kuti zinthu zibwerera mwakale, koma sizinatero ayi. M'chaka cha 2023 zinapezeka ndalama pafupifupi madola 9 biliyoni, ndipo m'chaka cha 2024 zinacheperapo pa izi, ngakhale kuti mtengo wa tikiti unali utakwera.

Komatu kungakhale kulakwa kuimba mlandu mliri wokha. Chaka chimene matikiti anagulidwa kwambiri m'nyengo yathu ino chinali 2002, pamene anaposa 1.5 biliyoni, ndipo pofika 2019 anali atatsika kale kufika pa 1.2 biliyoni kapena kuposerapo pang'ono. Ku Mangalande nakonso anthu olowa m'nyumba za kanema anali 176 miliyoni m'chaka cha 2019, koma m'chaka cha 2023 sanakwane 130 miliyoni. Mtengo unali utayamba kale kufumbwa mphepo isanaombe.

Kanema walowa m'nyumba

Chifukwa choyamba ndicho chakuti kanema tsopano amamupeza munthu pakhomo pake kudzera pa intaneti. Kampani ya Netflix inayamba malonda amenewa m'chaka cha 2007, ndipo pakutha pa 2024 inali ndi olembetsa oposa 300 miliyoni. Kampani ya Disney nayo inatsegula yake, yotchedwa Disney+, mu November 2019. Munthu akalipira ndalama ya mwezi umodzi amaonera mafilimu ochuluka monga afunira, iye pamodzi ndi banja lake lonse, pamene ku nyumba ya kanema ayenera kugulira aliyense tikiti, naonjezapo ndalama ya ulendo ndi ya zakudya.

Kale panali mwambo umene unkateteza nyumba za kanema. Filimu yatsopano inkaonetsedwa kumeneko kokha kwa masiku pafupifupi 90 isanaloledwe kuoneka kwina. Mwambo umenewu unasweka pa nthawi ya mliri. Mu July 2020 kampani ya Universal inapangana ndi AMC, imene ili ndi nyumba za kanema zambiri koposa ku Amereka, kuti filimu ikhoza kupita pa intaneti patangopita masiku 17. Kampani ya Warner Bros. inapitirira apo, pakuti mafilimu ake onse a m'chaka cha 2021 inawatulutsa pa HBO Max tsiku lomwelo limene anayamba kuoneka m'nyumba za kanema. Disney itachita chimodzimodzi ndi filimu ya Black Widow, mayi Scarlett Johansson, amene anali mwini gawo lalikulu m'filimuyo, anakasuma kubwalo la milandu mu July 2021, chifukwa malipiro awo ankadalira matikiti ogulitsidwa. Mlanduwo anakambirana nautha kunja kwa bwalo.

Pambuyo pake makampani ambiri anabwerera pang'ono, nayamba kudikira masiku 45 kapena kuyandikira apo. Koma anthu anali ataphunzira kale kuti wodekha adzaona filimu yomweyo kunyumba posachedwa, ndipo chizolowezi chikalowa m'mudzi sichituluka msanga. Akuluakulu adanena kuti mapanga awiri avumbwitsa. Makampaniwa anafuna kudya ku nyumba za kanema ndi ku intaneti komwe, ndipo kwa zaka zingapo ambiri a iwo anataya ndalama zambiri pa malonda a pa intanetiwo uku akufooketsa msika wawo wakale. Kampani ya Cineworld ya ku Mangalande inapempha chitetezo cha bwalo la milandu chifukwa cha ngongole mu September 2022, ndipo Ster-Kinekor ya ku South Africa, imene abale athu ogwira ntchito ku Johannesburg amaidziwa bwino, inaikidwa m'manja mwa opulumutsa malonda mu January 2021.

Nkhani yomweyomweyo

Chifukwa chachiwiri chili m'mafilimu enieniwo. Kwa zaka zambiri Hollywood yakhala ikudalira mafilimu otsatizana, ndiko kuti gawo lachiwiri, lachitatu ndi lachinayi la nkhani imene anthu adaikonda kale. Maganizo a eni ndalama ndi omveka: filimu imodzi yaikulu imadya madola 200 miliyoni kapena kuposa, osawerengera ndalama zoilengezera, ndipo pa tikiti iliyonse pafupifupi theka limatsalira nyumba ya kanema. Chotero amaopa kuika chuma chotere pa nkhani yachilendo, nasankha dzina limene anthu alidziwa kale.

Nzeru imeneyi inabala zipatso kwa nthawi ndithu. Filimu ya Avengers: Endgame, ya kampani ya Marvel, inatolera madola pafupifupi 2.8 biliyoni pa dziko lonse m'chaka cha 2019. Koma taonani zimene zinatsata. Captain Marvel inapeza madola oposa 1 biliyoni m'chaka cha 2019, koma gawo lake lotsatira, The Marvels, linangopeza madola 200 miliyoni ndi pang'ono m'chaka cha 2023. Joker nayo inaposa 1 biliyoni m'chaka cha 2019, koma gawo lachiwiri la mu 2024 linathera pa madola 200 miliyoni ndi pang'ono. Filimu yachisanu ya Indiana Jones, imene inadya ndalama pafupifupi madola 300 miliyoni poipanga, sinakwanitse madola 400 miliyoni m'chaka cha 2023, kotero kuti eni ake anataya chuma.

Apa zifukwa ziwirizi zimakumana. Marvel itayamba kupanga nkhani zina zoonetsa pa Disney+ pokha, munthu wofuna kumvetsa filimu yatsopano anayenera kuti ayambe watsata nkhani zambiri za pa intaneti, monga mwana wasukulu amene sangamve phunziro la lero ngati adajomba dzulo. Ambiri anatopa nazo, nangozisiya.

Mbali ina ya nkhani

Komabe tisafulumire kunena kuti anthu akukana mafilimu onse otsatizana, pakuti chiwerengero sichikutero. Top Gun: Maverick inapeza madola pafupifupi 1.5 biliyoni m'chaka cha 2022, ndipo gawo lachiwiri la Avatar linaposa 2 biliyoni. M'chaka cha 2024 mafilimu amene anatsogola anali Inside Out 2, ndi madola pafupifupi 1.7 biliyoni, ndi Deadpool & Wolverine, ndi madola 1.3 biliyoni. Moana 2, imene poyamba inakonzedwa kuti ikaoneke pa Disney+, itapita ku nyumba za kanema inaposa 1 biliyoni. Chimene anthu akukana ndicho filimu yopangidwa mwachisawawa pongodalira dzina.

Ndiponso nkhani zatsopano zikaphikidwa bwino anthu amadza. Pa 21 July 2023 panatuluka mafilimu awiri tsiku limodzi: Barbie ya mayi Greta Gerwig, imene inapeza madola oposa 1.4 biliyoni, ndi Oppenheimer ya bambo Christopher Nolan, nkhani ya maola atatu yonena za munthu amene anatsogolera ntchito yopanga bomba la atomu, imene inaposa madola 900 miliyoni. Mafilimu amene avutika kwenikweni ndi apakatikati, a nthabwala ndi a moyo wa m'banja, amene anthu aona kuti angathe kuwadikira kunyumba. Tisaiwalenso kuti m'chaka cha 2023 olemba nkhani za mafilimu ananyanyala ntchito masiku 148 ndipo ochita sewero masiku 118, kotero kuti mafilimu a chaka chotsatira anachepa.

Phunziro la kale ndi la ku France

Aka si koyamba kuti kanema aone zotere. M'chaka cha 1946 ku Mangalande kunagulidwa matikiti oposa 1.6 biliyoni, koma wailesi ya kanema italowa m'nyumba za anthu chiwerengerocho chinatsika kwambiri mpaka 54 miliyoni m'chaka cha 1984. Nyumba zatsopano za zipinda zambiri zitamangidwa, anthu anayambanso kubwerera, ngakhale sanafike pa chiwerengero chakale.

Dziko la France likuonetsa kuti Boma lili ndi mbali yake pa nkhaniyi. Kumeneko pa tikiti iliyonse pamadulidwa msonkho wopitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo khumi, umene bungwe la Boma lotchedwa CNC limathandizira nawo opanga mafilimu a m'dzikomo ndi nyumba za kanema. Palinso lamulo loika nthawi yodikira: pa pangano la 2022 Netflix inaloledwa kuonetsa filimu patapita miyezi 15 chitulukire. M'chaka cha 2024 ku France kunagulidwa matikiti oposa 180 miliyoni, ndipo oposa magawo anayi mwa khumi anali a mafilimu a m'dziko lomwelo.

Chotero tikaika zonse pamodzi, nyumba za kanema sizikufa, koma zikuchepa, ndipo munthu tsopano amapitako kawiri kapena katatu pa chaka pamene pali chinthu chachikulu. Eni malonda akafuna kuti anthu abwerere ayenera kuteteza nthawi yodikira ija, ndi kulimba mtima kuika ndalama pa nkhani zatsopano, pakuti makolo athu adaona kalekale kuti nyimbo imodzi sachezera gule.