Kupewa imfa zobwera chifukwa chopitiriza muyezo wa mankhwala osokoneza bongo: mmene ntchitoyi imayendera m'dera

Munthu amene wapitiriza muyezo wa heroin, morphine, tramadol kapena codeine kawirikawiri samwalira mwadzidzidzi. Mankhwala a m'gulu limeneli, lomwe achipatala amalitcha ma opioid, amafooketsa mbali ya ubongo imene imalamulira kupuma. Munthuyo amayamba kupuma motalikitsa, mpweya umachepa m'magazi, kenaka mtima umaima. Zimenezi zimatha kutenga mphindi zingapo, mwinanso maola, ndipo nthawi zambiri pamakhala wina pafupi: mnzake, mkazi wake, mayi ake kapena wokhala naye nyumba imodzi. Ntchito yopewa imfa zoterezi m'dera yagona pa mfundo imeneyi. Amene angapulumutse moyo msanga si dokotala amene ali kutali, koma munthu amene ali pomwepo, ngati waphunzitsidwa ndipo ali ndi mankhwala oyenera m'manja.

Vutoli lili pakati pathu

Kwa zaka zambiri heroin wochokera ku Afghanistan wakhala akufika panyanja m'magombe a kum'mawa kwa Africa, n'kudutsa pamsewu m'dziko la Mozambique kupita ku South Africa. Wina amatsalira m'matauni a m'njira. Ku South Africa amagulitsidwa m'makomboni ndi dzina lakuti nyaope kapena whoonga, ndipo ena amasuta pomwe ena amadzibaya. Ku Zimbabwe ndi ku Zambia achinyamata ena amamwa mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine kuti aledzere. Palinso gulu lina limene ambiri saliganizira, la odwala khansa ndi matenda ena opweteka kwambiri amene amalandira morphine wakumwa kunyumba. Iwo akumwa mankhwala ovomerezeka ndipo sayenera kuwaopa, koma owasamalira ayenera kudziwa zizindikiro za ngozi ndi kusunga botolo pamene mwana sangafike.

Kodi kuchepetsa zoopsa n'kutani?

Ndi kuthandiza munthu kuti asamwalire ndiponso asatenge matenda pa nthawi imene sanathe kusiya mankhwalawo. Anthu ena amakhumudwa akamva zimenezi, poganiza kuti kupatsa munthu jakisoni watsopano n'kumulimbikitsa. Nkhawayi njomveka, makamaka kwa kholo limene laona mwana wake akugulitsa katundu wa m'nyumba. Komabe kafukufuku wa m'maiko ambiri waonetsa kuti kugawa majakisoni atsopano kumachepetsa kufala kwa HIV ndipo sikuchulukitsa anthu odzibaya. Munthu amene thupi lake lazolowera heroin akamusowa amamva kuphwanya m'thupi, kutsegula m'mimba, kutuluka thukuta ndi kusowa tulo. Akafika pamenepo amadzibaya ndi jakisoni aliyense amene wapeza, ngakhale wotola pansi. Kumumana watsopano sikuthetsa chibaba chake, kumangowonjezera HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis C pamwamba pa vuto lomwe ali nalo kale.

Njirayi si yachilendo m'chigawo chino. Mu 2011 chipatala cha Muhimbili ku Dar es Salaam chinayamba kupereka methadone kwa anthu odzibaya heroin. Ku Tshwane, khonsolo ya mzinda pamodzi ndi University of Pretoria anayambitsa ntchito yotchedwa COSUP mu 2016, imene imafikira anthu m'madera momwe amakhala. Ku Maputo, bungwe la Médecins Sans Frontières mogwirizana ndi bungwe la m'dzikomo la UNIDOS linatsegula malo othandizira anthu otere m'dera la Mafalala mu 2018.

Naloxone ndi amene ayenera kukhala naye

Naloxone ndi mankhwala amene amachotsa opioid pamalo pomwe wagwira mu ubongo, ndipo munthu amayambanso kupuma pakapita mphindi ziwiri kapena zitatu. Amabayidwa pamnofu wa ntchafu kapena wa mkono, ndipo m'maiko ena alipo wopoperera m'mphuno. Saledzeretsa ndipo munthu sangamuzolowere. Mu 2014 bungwe la WHO linalangiza kuti anthu amene angathe kukhalapo pamene wina wapitiriza muyezo azipatsidwa naloxone ndi kuphunzitsidwa kagwiritsidwe kake.

Apa ndi pamene ntchito zambiri zimapunthwa. Naloxone wotsekeredwa m'kabati ya chipatala, kiyi ili ndi namwino amene waweruka, sathandiza munthu amene wakomoka kuseri kwa msika pakati pa usiku. Oyendetsa ntchito ayenera kufunsa kuti anthu amakomokera kuti, ndipo amakhala ndi yani. Yankho lake ndilo limasonyeza oyenera kupatsidwa mankhwalawa: ogwiritsa ntchito heroin eniake, popeza amasonkhana pamodzi, abale awo, ndi ena amene amakhala pamalopo tsiku lonse. Malamulo a kaperekedwe ka naloxone amasiyana dziko ndi dziko, choncho funsani kuchipatala chanu ngati mungapatsidwe wopita naye kunyumba.

Mukapeza munthu wakomoka

Zizindikiro zikuluzikulu ndi zitatu: munthu sakudzuka, akupuma pang'onopang'ono kapena wasiyiratu, ndipo kadontho kakuda ka pakati pa diso kachepa ngati nsonga ya singano. Milomo ndi zikhadabo zimatha kusintha mtundu n'kuoneka zotuwa. Chimene chimapusitsa ambiri ndi mkonono. Munthu amene akufa mwa njira imeneyi amaliza mkonono wachilendo, wonga wa munthu wotsamwidwa, ndipo abale amamusiya poganiza kuti wagona tulo tofa nato. Musamusiye. Muitaneni mokweza, mugwedezeni, ndipo mutikiteni mwamphamvu pafupa la pakati pa chifuwa ndi mfundo za zala.

Ngati sakuyankha, tumani wina aitane ambulansi kapena apeze galimoto. Mubayeni naloxone ngati alipo. Mugonekeni chagada, mupendeketse mutu wake chambuyo, mutukule chibwano, mutsine mphuno, ndipo mumuuzire mpweya m'kamwa kamodzi pa masekondi 5 alionse, mukuona ngati chifuwa chikukwera. Pakatha mphindi ziwiri kapena zitatu asanatsitsimuke, mubayeninso naloxone wina. Akayamba kupuma yekha, mugonekeni chammbali kuti asatsamwidwe ndi masanzi. Ngakhale palibe naloxone, kumuuzira mpweya kungamusunge mpaka thandizo litafika.

Kumumwetsa mkaka, kumubaya madzi a mchere, kumuthira madzi ozizira kapena kumuyendetsa mokakamiza sikuthandiza. Kumangotaya nthawi, ndipo chakumwa chingalowe m'mapapo.

Mphamvu ya naloxone imatha pakati pa mphindi 30 ndi 90, pomwe mankhwala ena, monga methadone, amakhala m'thupi nthawi yaitali kuposa pamenepo. Munthu angathe kudzuka, kulankhula bwinobwino, kenaka n'kukomokanso. N'chifukwa chake ayenera kupita kuchipatala ngakhale akuti wachira. Nthawi zina amadzuka ali wokwiya ndi womva ululu, popeza naloxone amadzutsa chibaba mwadzidzidzi. Mufotokozereni modekha zimene zachitika, ndipo musalole kuti adzibayenso. Naloxone sathetsa mphamvu ya mowa, ya diazepam kapena ya crystal meth, koma ngati simukudziwa chimene munthu wamwa, mubayenibe, chifukwa sangamuvulaze.

Nthawi zoopsa kwambiri

Munthu akasiya heroin kwa masiku kapena milungu, thupi limaiwala muyezo umene linazolowera. Akabwerera n'kutenga mlingo wake wakale, ungamuphe. Choncho milungu yoyamba munthu atatuluka kundende, kuchipatala kapena kumalo osiyitsira mankhwala ndi yoopsa kuposa nthawi ina iliyonse, ndipo imeneyi ndiyo nthawi imene banja limakhala litamasuka mtima poganiza kuti vuto latha. Ntchito yoyendetsedwa bwino imagwirizana ndi ndende ndi zipatala kuti munthu azituluka atachenjezedwa, ali ndi naloxone, ndipo akudziwa kopita mawa lake. Kusakaniza heroin ndi mowa kapena mapiritsi ogonetsa, ndiponso kudzibaya uli wekha m'chipinda chotseka, kumawonjezera ngoziyi.

Methadone

Methadone ndi mankhwala akumwa kamodzi patsiku amene amathetsa chibaba popanda kuledzeretsa, akaperekedwa pa muyezo woyenera. Amachepetsa kwambiri chiopsezo cha imfa ndipo amapatsa munthu mpata wogwira ntchito ndi kumwa ma ARV mosadumphitsa. Achipatala amayamba ndi muyezo wochepa n'kumakweza pang'onopang'ono, chifukwa milungu iwiri yoyamba ili ndi ngozi yake. Uzani wachipatala ngati mukumwa mankhwala a TB, popeza rifampicin amachepetsa mphamvu ya methadone m'thupi ndipo muyezo ungafunike kusintha. Abale asakakamize wodwala kusiya msanga. Ambiri amafunika kumwa kwa miyezi yambiri kapena zaka, ndipo kusiya mwadzidzidzi kumabwezera munthu pangozi yomwe ija. Kwa oyendetsa ntchito, kutha kwa methadone m'nkhokwe si vuto la m'mabuku chabe. Tsiku limene wodwala wabwezedwa chimanjamanja amapita kwa wogulitsa heroin.

Amene amagwira ntchitoyi ndi zimene imafuna

Msana wa ntchitoyi ndi alangizi ochokera pakati pa ogwiritsa ntchito mankhwala eniake, kaya anasiya kapena ali pa methadone. Iwo amadziwa malo obisika, amamva chilankhulo cha pamenepo, ndipo amakhulupiridwa kumene namwino wovala yunifolomu sangalandiridwe. Amagawa majakisoni, amatolera ogwiritsidwa kale m'mabokosi olimba kuti ana asawatole, amaperekeza anthu kukayezetsa HIV, TB ndi chiwindi, ndipo amayamba kumva ngati pafika heroin wamphamvu kuposa wa masiku onse. Ayenera kulipidwa ndi kusamalidwa, pakuti amaona imfa za anzawo ndipo nawonso angathe kubwerera m'mbuyo.

Ubale ndi apolisi ndi wofunika kukonza ntchito isanayambe. Kumene anthu amaopa kumangidwa, amathawa n'kusiya mnzawo wakomoka, kapena amataya majakisoni atsopano poopa kuti akhala umboni. Kukambirana ndi mkulu wa polisi wa m'dera, mafumu, makhansala ndi atsogoleri a mipingo ndi mizikiti kumatenga nthawi, koma ntchito imene yalumpha gawo limeneli imatsekedwa ndi madandaulo a anthu oyandikana nawo.

Zolemba nazo zisungidwe mosamala. Ntchito zambiri zimagwiritsa ntchito nambala m'malo mwa dzina, kuti munthu abwere mopanda mantha. Zofunika kulemba ndi kuchuluka kwa naloxone amene waperekedwa, amene wagwiritsidwa ntchito, malo amene anthu akukomokera ndi tsiku limene mankhwala adzathere mphamvu. Naloxone asungidwe pamalo opanda dzuwa ndi kutentha kwambiri. Ngati mwagwiritsa ntchito amene munapatsidwa, bwererani tsiku lomwelo kapena lotsatira kuti mukalandire wina, ndipo mufotokoze zimene zinachitika kuti alangizi akachenjeze ena a pamalopo.