Otola Zotayidwa ku Mangochi: Ntchito Yonyozeka koma Yaphindu

Mbandakucha, pamene asodzi akukocheza ngalawa zawo ndi usipa, pa boma la Mangochi pamakhala anthu ena amene ayamba kale ntchito. Atanyamula masaka kumsana, amazungulira kumsika, kokwerera mabasi ndi kuseri kwa masitolo, namatola mabotolo, zitini, zidutswa za malata ndi matayala akutha. Ambiri amawayesa osowa chochita, koma woyang'anitsitsa adzaona kuti anthuwa ali pa malonda.

Botolo lotsukidwa bwino limagulidwa ndi mayi wogulitsa thobwa kapena mafuta ophikira. Chitini chimasanduka koloboyi, ndipo chidutswa cha lata chimafika kwa mmisiri wosula mbaula. Tayala amalidula nakhala nsapato kapena zingwe zomangira katundu pa njinga. Zitsulo zolemera amaziyeza pa sikelo, ogula nazitumiza ku Blantyre. Motero chinthu chimodzi chotayidwa chimadyetsa mabanja awiri kapena atatu, ndipo ndalama yake imagula ufa, sopo ndi makope a ana.

Phindu lina ndi la umoyo. Zinyalala zikatseka ngalande, madzi amvula amadikha, udzudzu wofalitsa malungo nuswana. Madzi omwewo akasefukira amakokolola zonyansa za m'zimbudzi kupita nazo mu Shire ndi m'nyanja, momwe anthu amatunga ndi kusamba. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'Malawi, ndipo Mangochi linali limodzi la maboma amene anavutika koposa. Boma linaletsa majumbo opyapyala mu 2015, komabe pulasitiki akadali mbwee m'mphepete mwa nyanja, kuyambira ku Monkey Bay mpaka ku Malombe. Chilichonse chimene wotola wachotsa ndi chimodzi chochepa pa zotseka ngalande.

Komatu ntchitoyi ili ndi zoopsa zake. Galasi losweka kapena msomali wa padzala ungathe kulowetsa kafumbata m'thupi kudzera pa bala laling'ono. Botolo limene munali mankhwala ophera tizilombo ta thonje kapena osungira chimanga silitha poizoni ngakhale litatsukidwa kangati; kuthiramo thobwa ndiko kupha womwa. Utsi wa pulasitiki wotenthedwa umawononga mapapo.

Tsono wotola aliyense ayenera kuvala nsapato zolimba ndi kuteteza manja ake, kusamba m'manja ndi sopo asanadye, ndiponso kulandira katemera wa kafumbata kuchipatala. Akatemeka atsuke balalo ndi madzi aukhondo ndi sopo, napite kuchipatala tsiku lomwelo. Jakisoni wogwiritsidwa kale ntchito asamukhudze, koma adziwitse mlangizi wa zaumoyo. Ana malo awo ndi kusukulu, osati kudzala.

Mabanja nawo ali ndi mbali yawo. Mabotolo, zitini ndi zitsulo aziika padera, osazisakaniza ndi zotsala za chakudya, zimene zingasanduke manyowa a kudimba. Magalasi osweka aziwakwirira mozama. Mabotolo a mankhwala ophera tizilombo aziwaboola kuti wina asawagwiritsenso ntchito. Wogula thobwa naye aone ngati botolo ndi loyera, kapena apite ndi chikho chake.

Mutu umodzi susenza denga. Ukhondo wa pa boma sungatheke ndi khonsolo yokha, ndipo munthu wonyamula saka uja ndi mmodzi mwa osenza nawo. Ayenera kulandira malonje ndi ulemu monga wantchito wina aliyense.