Misomali ya Mufiriji ndi Mapoto a Amayi: Zodabwitsa za Aluminiyamu pa Nthawi ya Nkhondo

Nkhani za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse zimakonda kutamanda oyendetsa ndege. Koma Spitfire kapena B-24 isanaone mitambo, inkayamba yadutsa m'manja mwa anthu a thukuta m'mafakitale, ambiri a iwo amayi, amene maso awo ankakhala pa ng'anjo ndi pa wotchi. Aluminiyamu ndi chitsulo chanthumanzi. Ukachiphonya pa kutentha kapena pa nthawi, chimakuchititsa manyazi, ndipo pa ndege manyaziwo ndi maliro.

1. Chimalimba chili gone. Wosula makasu akaviika chitsulo chofiira m'madzi, chimalimba pompo. Aluminiyamu satero. Mu 1906, Alfred Wilm, katswiri wa zitsulo kufupi ndi Berlin, anasakaniza aluminiyamu ndi kopa pang'ono, magawo 4 pa 100, n'kuthirako kamagineziyamu. Anatenthetsa mpaka madigiri pafupifupi 500, n'kuviika m'madzi. Poyesa, chinali chofewa ndithu. Anachisiya pamenepo, ndipo patapita masiku angapo anachipeza chalimba chokha, popanda wochikhudza. Chitsulochi chinatchedwa duralumin ndipo chinkapangidwa mumzinda wa Düren. Ndi chimene chinakhala mafupa a ndege zikuluzikulu za Zeppelin pa nkhondo yoyamba.

Chimachitika n'chiyani? Ganizirani shuga mu tiyi. Tiyi akatentha amasungunula shuga wambiri, akazizira amayamba kumulavula. Nayenso kopa amalowerera mu aluminiyamu wotentha, ndipo kuviika mwadzidzidzi kumamutsekera momwemo asanapeze potulukira. Kenaka pang'onopang'ono amasonkhana m'timagulu tosaoneka ndi maso, ndipo timaguluto ndi timene timachirikiza chitsulo kuti chisapindike. André Guinier ku France ndi George Preston ku Britain anadzationa ndi X-ray mu 1938. Anthu anali atauluka nacho kale zaka zoposa 20 asanaone chimene chikuwagwira m'mwambamo.

2. Misomali inkasungidwa mufiriji ngati nyama. Zikopa za ndege ankazilumikiza ndi maliveti, timisomali tosasongoka timene amatiphwanya kumchira kuti tigwire mbali zonse. Liveti limafunika lifewe pokhoma, lidzalimbe likakhala pamalo pake. Vuto n'lakuti likangochoka m'madzi oviikira, limayamba kulimba lokha monga anaonera Wilm. Kuzizira kumachedwetsa zimenezi, choncho maliveti a mtundu wolimba ankawathamangitsira m'mafiriji, ndipo akatuluka ankayenera kukhomedwa mwamsanga.

Okhoma ankagwira awiriawiri. Wina kunja ndi mfuti ya mpweya, phokoso lake logonthetsa m'kutu, mnzake m'kati mwa phiko atapanikiza kachitsulo kolemera kumchira kwa liveti. Saonana, samvana, amangogogoda pachikopa kuti adziwitsane. Maliveti akakhalitsa panja, nkhani yatha: ukawakhoma amang'aluka, ndiye ankabwezedwa kung'anjo kuti akayambirenso.

3. Mdani wamkulu m'nyumba yosungunulira anali chinyezi. Aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660, osafika n'komwe pa theka la moto umene chitsulo cha makasu chimafuna, ndiye munthu angaganize kuti ntchito yake ndi yophweka. Ayi. Akakhala madzimadzi amamwa haidrojeni kuchokera ku chinyezi chilichonse, kaya cha mumpweya, kaya cha pachipande chotungira. Pouma amausanza mpweyawo, n'kusiya timabowo m'kati ngati chigumu chofufuma bwino. Kunja chooneka bwino, m'kati chiswe. Pofuna kuuchotsa ankauzira klorini kapena naitrojeni m'mphika wa chitsulo chosungunukacho, ndipo zigawo zofunika kwambiri ankaziunika ndi X-ray monga dokotala aunikira chifuwa.

Chosokoneza mutu n'chakuti zikombole zambiri zinali za mchenga, ndipo mchenga wa dongo sugwirana popanda kuunyowetsa pang'ono. Woumba wozolowera ankafumbata mchenga m'dzanja, n'kuunyema pakati. Ukanyemeka bwino osamwazika komanso osamata m'manja, wafika. Thunthu la injini ya Merlin ya Rolls-Royce, imene inkakoka Spitfire ndi Lancaster, linali la aluminiyamu wothiridwa m'chikombole, ndipo injini zoterezi zinapangidwa zoposa 150,000 ku Britain ndi ku Detroit.

4. Zigawo zina ankazitenthetsa mu mchere. Osati wa m'ndiwo, koma wa naitreti, wosungunuka m'bafa lachitsulo pa madigiri pafupifupi 500, chifukwa umafikitsa kutentha paliponse mofanana. Dontho la madzi likagweramo, mcherewo unkathovoka n'kuwotcha anthu. Chigawo cha magineziyamu chikalowamo molakwitsa, bafalo linkatha kuphulika.

5. Mapoto a amayi sanauluke kwenikweni. Mu July 1940, Lord Beaverbrook, nduna yoona zopanga ndege ku Britain, anapempha amayi kuti apereke mapoto, maketulo ndi masefuliya awo kuti asanduke ndege. Anapereka ndi mtima wonse, milu ya ziwiya inaunjikana m'matauni. Ku America anachitanso chimodzimodzi mu 1941. Koma chitsulo cha ndege chimafuna muyeso wake weniweni, ndipo mulu wa ziwiya zosakanikirana, zina za zigwiriro zachitsulo, sungapereke muyesowo. Zochepa zedi ndi zimene zinafika pa phiko la ndege. Ena amati phindu lake linali kulimbitsa anthu mtima. Mwina n'zoona, koma ine ndimamvera chisoni mayi amene anaphikira m'chitini zaka zisanu akukhulupirira kuti sefuliya yake ili m'mitambo.

6. Siliva wa boma anagwira ntchito ya waya. Kutulutsa aluminiyamu kuchokera ku dothi lake kumadya magetsi moopsa: ngakhale ndi makina a lero, kilogalamu imodzi imatha mayuniti pafupifupi 14. N'chifukwa chake mafakitale ankamangidwa pafupi ndi madamu, monga Grand Coulee ku America ndi Shipshaw ku Quebec, limene linamangidwa mwaliwiro nkhondo ili m'kati kuti lidyetse fakitale ya ku Arvida. Magetsi ochuluka chonchi amafuna mipiringidzo yonenepa yodutsamo, koma kopa anali atapita ku zipolopolo. Boma la America linatsegula nkhokwe zake n'kubwereketsa siliva kuti asulidwe mipiringidzoyo, pa pangano loti adzabwezedwe nkhondo ikatha.

7. Kamudzi ka ku Greenland kankalonderedwa ngati nyumba ya mfumu. Dothi la aluminiyamu, bauxite, likayengedwa limafunika kusungunulidwa mu mwala woyera wotchedwa cryolite, ndipo mgodi waukulu wokhawo wa mwalawu unali ku Ivittuut. Germany italanda Denmark, dziko limene linkalamulira Greenland, mu April 1940, America inafulumira kuika alonda pamgodipo. Bauxite yambiri inkachokera ku Suriname ndi British Guiana, ndipo mu 1942 sitima za Germany zoyenda pansi pa madzi zinkasaka zombo zonyamula dothili m'nyanja ya Caribbean. Chombo cholemedwa ndi dothi chikabooledwa chimamira ngati mwala, amalinyero osapeza mpata wotsitsa bwato. Britain inayang'ananso ku Africa, n'kuyamba kukumba bauxite ku Awaso, m'dziko limene lero ndi Ghana.

8. Ndege ya Japan inali ndi chinsinsi m'mapiko. Mu 1936 akatswiri a kampani ya Sumitomo anapanga aluminiyamu wosakaniza ndi zinki ndi magineziyamu, wolimba kuposa duralumin, ndipo anadzaikidwa pamsana wa mapiko a ndege ya Zero. Azungu ambiri ankaderera luso la Japan, mpaka anayamba kutola zidutswa za Zero zogwa n'kuziyesa. Mu 1943 kampani ya Alcoa inatulutsa wake wa banja lomweli, amene lero amadziwika ndi nambala ya 7075, ndipo akugwirabe ntchito pa ndege ndi pa njinga zodula.

9. Nkhondo itatha, ku Britain chitsulo wamba chinkaperekedwa mopimira, pamene aluminiyamu ankapezeka mosavuta chifukwa mafakitale a ndege anali atazima. Kampani ya Rover inapezerapo mwayi. Galimoto yake ya kumunda, imene inatuluka mu 1948, inavekedwa thupi la aluminiyamu wotchedwa Birmabright. Ndiyo Land Rover ija imene inadzadzaza misewu yafumbi kuno kwathu, ya bwanamkubwa, ya apolisi, ya kumishoni. Mukaipeza ina itaikidwa pamiyala kuseri kwa galaja, igogodeni pachitseko: chasisi chinadyeka kale ndi dzimbiri, koma thupi likadali gwa.