Kukonza Gombe Uli M'bwato

Mtsinje wa Shire ukatuluka m'nyanja ya Malawi, umadutsa pa boma la Mangochi kulowera ku Malombe. Okhala m'mphepete mwake amadziwa khalidwe la madzi: pamene amawomba tsiku ndi tsiku, gombe limadyeka, pamabadwa kadziwe, madzi n'kumazungulira momwemo mpaka dothi kugumuka. Magazi nawonso amatero m'mitsempha ya mu ubongo.

Kumbuyo kwa khosi kumakwera mitsempha iwiri ya magazi. Ikalowa m'chigaza imakumana n'kukhala umodzi, wotchedwa basilar, umene umadyetsa tsinde la ubongo, loyendetsa kupuma ndi kugunda kwa mtima. Kumtunda umagawikanso pawiri, ndipo magazi amawomba pamphanda pomwepo. Khoma likafooka limafufuma n'kukhala kathumba kamene madokotala amati aneurysm. Akuluakulu pafupifupi 3 mwa 100 alionse ali ndi kathumba kotere penapake mu ubongo, ndipo ambiri amakalamba nako osadziwa. Koma kakaphulika, magazi amakhuthukira mozungulira ubongo, moyo n'kukhala pachiswe.

Kale njira inali kutsegula chigaza n'kupana khosi la kathumbako ndi kachitsulo, monga anayambira Walter Dandy ku America mu 1937. Koma basilar ali m'kati mwenimweni, pakati pa timitsempha tonga tsitsi, toti kamodzi kakavulala munthu akhoza kupuwala. Kumufikira kuli ngati kulambula msewu m'bango lowirira kuti ukafike pagombe logumuka.

Wodziwa mtsinje amangokwera bwato. Dokotala amaboola pang'ono mtsempha wa m'mphechepeche kapena wa padzanja, n'kulowetsa kachubu kowonda. Akuyang'ana pa ekisire, amakayendetsa m'mitsempha mpaka kufika pakamwa pa kathumba. Kenako amalongamo timawaya tofewa ta pulatinamu, topindikapindika, monga munthu wolonga nthambi m'kadziwe. Madzi akakumana ndi nthambi amafatsa, matope n'kukhazikika. Magazi akakumana ndi timawayato amaundana, kathumba n'kutsekeka, mtsinje n'kumapitirira njira yake. Pakamwa pakakhala potakata, amaika kachubu ka sefa kotchedwa stent, konga mpanda wa bango, kuti timawaya tisagwere mumtsempha. Wodwala wotere amamwa mankhwala oletsa magazi kuundana kwa miyezi ingapo.

Timawayati anatipanga Guido Guglielmi, dokotala wa ku Italy, ndipo anayamba kutigwiritsa ntchito ku Los Angeles mu 1990. Kafukufuku wa ISAT, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2002, anayang'ana odwala 2,143 amene timatumba tawo tinali titaphulika. Patatha chaka, mwa 100 alionse othandizidwa ndi timawaya, 24 anali atamwalira kapena akudalira owasamalira, pamene mwa otsegulidwa chigaza anali 31. Komabe nthambi zimaphwa: timawaya timatha kupanikizana, kathumba n'kuyambanso kulandira magazi, makamaka pamphanda pa basilar. N'chifukwa chake wodwala amabwerera kukajambulidwa.

Luso limeneli limafuna makina odula ndi akatswiri amene ndi ochepa. Wodwala wa ku Makanjira kapena ku Monkey Bay ali ndi ulendo wautali: Mangochi, Zomba, kenako Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene kuli madokotala a opaleshoni ya ubongo. Ulendowu umafunika kuyambika msanga, chifukwa kathumba kophulika kamakonda kuphulikanso m'masiku oyambirira. Mutu wobwera mwadzidzidzi ngati mphenzi, khosi kuuma, kusanza kapena kukomoka, si mutu waching'alang'ala, ndipo si hamala ya afiti. Musayambe mwafunafuna wolodza, pezani galimoto.

Zofooketsa mitsempha kwambiri ndi ziwiri, kuthamanga kwa magazi ndi fodya, ndipo zonsezi tili nazo mphamvu. Kayezetseni BP kuchipatala chapafupi, mankhwala mukapatsidwa muzimwa osadumphitsa, chepetsani mchere, ndipo fodya musiyeni lero.