Njoka za hookworm zimawononga matumbo, osati magazi okha

Alimi ambiri amadziwa kuti njoka zam'mimba zotchedwa hookworm zimayamwa magazi. Kafukufuku wochitidwa pa makoswe ndi pa tinyama ta hamster wasonyeza vuto lachiwiri: matumbo enieniwo amalephera ntchito yake.

Mkati mwa matumbo aang'ono muli timinofu tosawerengeka toimirira ngati ubweya wa thaulo. Timeneti ndi timene timayamwa chakudya, ndipo pamwamba pake pamakhala ma enzyme ophwanya shuga, monga sucrase, maltase ndi lactase. Akatswiri atapatsira makoswe nyongolotsi ya Nippostrongylus brasiliensis, yomwe ndi yachibale ndi hookworm, anapeza kuti timinofuti timafupika ndipo ma enzyme aja amachepa. Motero chakudya china chimangodutsa osalowa m'thupi.

Komanso njokayi ikaluma khoma la matumbo imatulutsa mankhwala oletsa magazi kuundana, choncho bala limapitiriza kukha ngakhale itasamukira pena. Mwa munthu, njoka imodzi ya Necator americanus imataya magazi okwana mamililita 0.03 patsiku, pamene ya Ancylostoma duodenale imataya pafupifupi kasanu kuposa pamenepo. Zikachuluka, ayironi ndi mapuloteni zimatha m'thupi.

N'chifukwa chake mbuzi kapena thole lokhala ndi Bunostomum, hookworm ya ziweto, limawonda ngakhale mulipatse madeya ambiri. Zikope zimayera mkati, ndipo pansi pa chibwano pamatupa chifukwa madzi amatuluka m'mitsempha mapuloteni akachepa. Kuwonjezera chakudya musanaphe njoka ndi kutaya makwacha. Chiweto chikamwa mankhwala, chidyetseni bwino kwa masabata angapo kuti matumbo apole.

Mazira a njokazi amatuluka ndi chimbudzi, naswa m'dothi lonyowa ndi lofunda. Timphutsi take timaboola khungu, timadutsa m'mapapo, kenako timakakhazikika m'matumbo. Choncho inu olima repu m'mbali mwa mtsinje wa Ngwerere, umene umalandira madzi ochokera kumaiwe a zonyansa, kapena m'timadimba takuseri kwa nyumba ku Chelstone ndi ku Kabwata, valani magambutsi, makamaka nyengo ya dzinja. Musathire m'dimba manyowa a m'chimbudzi osawolerana. Khola likhale louma, ndipo ndowe muzichotsa kawirikawiri.

Ana osapitirira zaka 5 apitirize kulandira mebendazole pa Child Health Week, imene imachitika kawiri pachaka. Pa ziweto, pititsani ndowe kwa dokotala wa zinyama kuti azipime musanagule mankhwala, popeza kuwonda kuli ndi zifukwa zinanso.