THEBULO LA MAKOLO NDI MAKINA OSEMA

Mu mphakati wathu ku Kalikiliki muli thebulo la mukwa limene anatisiyira mkulu wina amene anatsogola kwa Ambuye. Ndi pamene timaikapo Baibulo ndi kandulo tikasonkhana. Tsiku lina acinyamata anati tilikongoletse ndi mtanda ndi dzina la mphakati, pogwiritsa nchito makina osema oyendetsedwa ndi kompyuta, ochedwa CNC. Amai ena acikulire anafunsa kuti: "Nanga likaonongeka, lina lotere tidzalipeza kuti?" Tinagwirizana kuti tiyambe takaona kwa mmisiri wina mu Lusaka muno, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nchito yake imayenda motere. Mmisiri amajambula cithunzi pa kompyuta. Kompyuta imasandutsa cithunzico kukhala njira imene kacitsulo kakuthwa, kozungulira mwaliwiro, kamatsata: uku ndi uku, kutsogolo ndi kumbuyo, m'mwamba ndi pansi. Pa thabwa latsopano sizivuta. Koma cinthu cakale cili ndi zobisika zake. Msomali wokwiririka umathyola kacitsuloko. Thabwa lopindika limasemeka mozama kwina, kwina pamwamba pokha. Miyendo ya thebulo iyenera kucotsedwa kuti thabwa ligone ndi kupanidwa zolimba, cifukwa likasuntha pang'ono mtanda umapotoka. Magetsi akathima pakati pa nchito, monga tinaonera mu 2024 madzi atacepa ku Kariba, makina angathe kutaya pamene anayambira. Ndipo cosemedwa sicibwerera.

Conco inu amene mufuna kukongoletsa citseko, mpando kapena bokosi la m'banja, pemphani kuti ayambe ayesa pa kathabwa kena. Werengani kawiri malembo onse, pakuti makina amasema colakwa mokhulupirika monga asemera colondola. Panganani nchito isanayambe za amene adzalipira zikaonongeka.

Tisaiwalenso amisiri a manja. Ku Kabwata Cultural Village aliko amene amadyetsa mabanja ao ndi kasemasema. Ku Mua, m'dziko la Malawi, malo a KuNgoni amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976 anaonetsa kuti uthenga wa Mulungu ungasemedwe ndi nkhope zathuzathu. Makina amaposa munthu pa malembo oongoka ndi maluwa ambiri ofanana. Koma mmisiri amawerenga mtengo: akapeza mfundo amailambalala, akamva msomali amaimitsa dzanja.

Nanga ife tinamaliza bwanji? Dzina la mphakati analisema makina pa kathabwa katsopano, kamene tinakhomera kutsogolo kwa thebulo. Mtanda anausema mkhristu mnzathu wa ku Mtendere, masiku atatu, acinyamata atatu atamuzinga kuphunzira. Zipsera za makandulo a mkulu uja tinazisiya momwemo. Yosefe Woyera, mmisiri wa matabwa, atipempherere tonse ogwira nchito, a makina ndi a manja omwe.